Mudzi: chimene chimaupweteketsa, chimene chimauziziritsa, ndi pamene muyenera kupita kuchipatala

Munthu wamkulu akatsitsa mawu n'kunena kuti akuvutika ndi mudzi, aliyense wa ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga kapena ku Chifunde, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amadziwa kuti sakunena za kwawo kumene anabadwira, koma za vuto la kumatako limene sitilitchula pagulu. Namwino wa ku centro de saúde, chipatala chaching'ono cha m'dera, akamalemba pa pepala amalemba kuti hemorroidas, koma ife kumudzi dzina lathu ndi lomwelo la mudzi. Vuto la dzinali ndi lakuti lili ngati dengu lalikulu limene timaponyamo chilichonse: magazi otuluka ndi chimbudzi timati mudzi, kuyabwa timati mudzi, chotupa timati mudzi, ngakhale ululu wolepheretsa munthu kugona timautchanso mudzi. Mudzi weniweni kawirikawiri sumapha munthu, ndipo ambiri amaugonjetsa ali kunyumba. Chimene chimavulaza anthu ndi matenda ena amene amabisala m'dengu lomwelo kwa miyezi, pamene mwini wake akudzitonthoza kuti ndi mudzi chabe.

Kuti timvetse bwino, tiyambe ndi mmene thupi linapangidwira. Njira yomaliza imene chimbudzi chimadutsa isanafike kunja ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 3 kapena 4. M'kati mwa njirayi munthu aliyense amabadwa ndi timinofu tofewa titatu todzaza ndi mitsempha ya magazi, ndipo ntchito yake ndi yofanana ndi ya labala wa mu mpope, amene amatseka mpata kuti madzi asamadonthe. Timinofuti ndi timene timathandiza kuti mpweya ndi chimbudzi chamadzi zisamatuluke mwangozi. Choncho mudzi si chinthu chachilendo chimene chamera m'thupi. Ndi timinofu tomweti tikatupa, tikamasuka pamene tinagwira, n'kuyamba kutsetserekera pansi chifukwa cha kukankhidwa kwa nthawi yaitali.

Pakati pa njirayi pali malire amene maso a munthu wamba sangawaone, koma ndi amene amafotokoza nkhani yonse ya ululu. Kumtunda kwa malirewo kuli khungu lonyowa la m'matumbo, limene silimva kubaya kapena kucheka. Kumunsi kwake kuli khungu lofanana ndi la thupi lonse, lodzaza ndi mitsempha yomva ululu. Mudzi umene wayambira kumtunda, umene madokotala amautcha wamkati, kawirikawiri supweteka ngakhale pang'ono. Chizindikiro chake ndi magazi ofiira kwambiri, ngati a nkhuku yongozingidwa kumene, amene amaoneka pa pepala lopukutira, kapena kudontha munthu akangomaliza kudzithandiza, kapena kupaka pamwamba pa chimbudzi osasakanikirana nacho. Mudzi wakunja ndi umene uli pansi pa khungu lomva lija, ndipo ndi umene umayabwa, kutupa ndi kuwawa. Apa pali phunziro limene ambiri salidziwa, lakuti ululu waukulu si khalidwe la tsiku ndi tsiku la mudzi. Ululu ukabwera mwamphamvu, ndiye kuti china chake chasintha, ndipo ndi bwino kufunsa kuti chasintha n'chiyani.

Madokotala amagawa mudzi wamkati m'magulu anayi potengera mmene ukutulukira. Gulu loyamba ndi la mudzi umene umangotulutsa magazi koma osaonekera kunja. Wa gulu lachiwiri umatuluka munthu akamatchima kenaka n'kubwerera wokha, wa gulu lachitatu umatuluka ndipo umafuna kuubwezera ndi chala, pamene wa gulu lachinayi umakhala kunja nthawi zonse ndipo subwereranso. Magulu awiri oyambawa nthawi zambiri amamvera kusintha kwa kadyedwe, koma awiri omalizawa amafuna dzanja la wachipatala.

Chimene chimakankha timinofu tija kuposa zonse ndi kudzimbidwa. Chimbudzi chikauma, munthu amatchima mwamphamvu ndi kukhalitsa kuchimbudzi, magazi amadzaza m'mitsempha ya kumunsi, ndipo zikachitika tsiku ndi tsiku kwa zaka, timinofu tija timatopa n'kulekerera. Kuno kwathu kudzimbidwa kuli ndi magwero ake odziwika. Timanyadira nsima ya ufa woyera, ya chimanga chokonola ndi chonyika, ndipo mlendo kumuphikira mgaiwa timaona ngati kumunyoza. Komatu madeya amene timapatsa nkhumba ndi nkhuku ndi amene ali ndi gawo losagayika la chimanga, limene achipatala amalitcha fibra, limene limasunga madzi m'chimbudzi kuti chikhale chofewa. Munthu amene amadya nsima yoyera ndi nyama ya mbuzi masana ndi madzulo, buledi ndi tiyi m'mawa, ndiwo zamasamba n'kumangozilawa, wachotsa m'mbale mwake pafupifupi chilichonse chimene matumbo amadalira. Onjezerani pamenepo kutentha kwa mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Madzi amene munthu wamwa amathera m'thukuta, ndipo matumbo amayamwa otsala onse kuchokera m'chimbudzi mpaka chiume ngati cha mbuzi.

Ntchito nazo zili ndi mbali yake. Madalaivala a malole amene amadikira masiku pa malire a Zóbuè kapena a Cuchamano amakhala pampando nthawi yaitali, amadya zimene zapezeka, ndipo amaumiriza thupi kudikira mpaka apeze chimbudzi chabwino, pamene kuchedwetsa chimbudzi kumachiumitsa kwambiri. Chimodzimodzi oyendetsa njinga zamoto zonyamula anthu, osoka pamakina, ndi amayi ogulitsa pamsika amene safuna kusiya benchi lopanda munthu. Onyamula matumba a mbatatesi ndi a chimanga amatsekereza mpweya pokweza katundu, ndipo mphamvu yonseyo imathera kumunsi. Kutsekula m'mimba kobwerezabwereza nako kumatupitsa mudzi monga mmene kudzimbidwa kumachitira, ndipo ukalamba umafooketsa minofu imene imagwira timinofu tija.

Amayi oyembekezera ndi nkhani yapayokha. Mwana akamakula amapsinja mitsempha ikuluikulu yobweza magazi kuchokera kumunsi, matumbo amayenda pang'onopang'ono chifukwa cha kusintha kwa m'thupi, ndipo kutchima pobereka kumamalizitsa ntchitoyo. Mapiritsi owonjezera magazi amene amapereka kusikelo, amene ambiri timawadziwa kuti sal ferroso, nawo amadzimbitsa ndi kudetsa chimbudzi. Ichi si chifukwa chowasiyira, pakuti kuchepa kwa magazi n'koopsa kwa mayi kuposa mudzi, koma ndi chifukwa chowuzira azamba kuti athandize kufewetsa chimbudzi. Kwa amayi ambiri mudzi wa pathupi umachepa wokha pakapita masabata angapo atabereka.

Pali zikhulupiriro zina zimene ndi bwino kuzichotsa panjira. Tsabola sayambitsa mudzi, ngakhale kuti kwa anthu ena amawotcha potuluka pamene pali kale chilonda. Kukhala pa mwala wozizira kapena wotentha sikuyambitsa mudzi. Mudzi supatsirana pogonana kapena pogwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, ndipo si chizindikiro cha chiwerewere kapena kulodzedwa. Ndikunena izi chifukwa manyazi amene amabwera ndi maganizo otere ndi amene amatseka pakamwa anthu amene akanathandizidwa msanga.

Mlamu wanga wina, amene amagula mbatatesi ku Tsangano n'kukagulitsa ku Tete, anafika kwathu tsiku lina madzulo atayenda tsiku lonse pamwamba pa matumba. Titamupatsa mpando anakhalira tako limodzi, mwendo wina atautambasula, ndipo nsima itabwera anapempha kuti adye choimirira ponena kuti msana watopa. Usiku wonse tinamumva akutembenuka pamphasa. M'mawa ndi pamene anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alamu, kumbuyoku kwatuluka kanthu kolimba ngati nzama, sindikutha kukhala, sindikutha kutsokomola." Anati kanthuko kanabwera mwadzidzidzi dzulo lake atakweza thumba, ndipo m'mbuyomo ankangoona timagazi pa pepala koma osamva kuwawa.

Chimene chinamuchitikira ndi chimene chimabweretsa ululu woopsa kwambiri wa mudzi. Magazi amaundana m'kati mwa mtsempha wa mudzi wakunja, khungu lomva lija limakokeka ngati chikopa cha ng'oma, ndipo pamatuluka chotupa cholimba chooneka chakuda mobiriwira. Ululu umakula m'masiku awiri kapena atatu oyamba, kenaka umayamba kutsika pamene thupi likusungunula magazi oundanawo, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri munthu amakhala bwino, ngakhale kuti chotupacho chimatenga nthawi yotalikirapo kuti chiphwe ndipo nthawi zina chimasiya kakhungu kolendewera. Kufunika kodziwa kayendedwe kameneka n'kwakuti munthu akafika kuchipatala m'kati mwa maola 72 oyamba, wachipatala wodziwa ntchito angathe kubaya mankhwala ochititsa dzanzi, kucheka pang'ono ndi kuchotsa magazi oundanawo, ndipo ululu umatsika mofulumira. Akafika pa tsiku lachisanu ululu utayamba kale kuchepa, kuchekako sikupindulitsanso kwenikweni, ndipo amangopatsidwa mankhwala n'kubwerera. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri timapirira masiku enieni amene chithandizo chikanatithandiza, n'kupita pamene chachedwa. Mlamu wangayo tinamukakamiza kupita m'mawa womwewo, ndipo madzulo anadya atakhala pansi.

Nanga munthu amene mudzi wake ukuyabwa, kutupa kapena kuwawa pang'ono achite chiyani ali kunyumba? Ntchito yaikulu ndi imodzi, kufewetsa chimbudzi kuti chizituluka popanda kutchima, ndipo zina zonse ndi zongothandizira. Munthu wamkulu amafunika magalamu 25 mpaka 30 a fibra pa tsiku, ndipo sitikusowa kukawagula ku farmácia chifukwa ali m'minda mwathu. Mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, ngakhale kamodzi pa tsiku, umasintha zinthu. Nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama zili ndi fibra wambiri, ndipo nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, chigwada ndi therere ziyenera kudzaza mbale osati kungokongoletsa m'mphepete. Mbatata yophika, maungu, papaya wakupsa, mango, magwafa, masawu ndi malambe, amene ali mbwee m'madera otentha a chigawo chino, zonse zimagwira ntchito yomweyo. Kuwonjezeraku kuchitike pang'onopang'ono m'masabata awiri kapena atatu, chifukwa munthu amene wasintha mwadzidzidzi amadzaza mpweya m'mimba n'kugwa ulesi. Ndipo fibra wopanda madzi amangowonjezera kuuma, choncho munthu amwe madzi okwanira kuti mkodzo wake uzioneka woyera osati wachikasu chakuda. Mowa suwerengedwa ngati madzi, chifukwa umachotsa madzi m'thupi.

Kakhalidwe ka kuchimbudzi n'kofunika mofanana ndi chakudya. Thupi likaitana, munthu apite nthawi yomweyo, ndipo akaona kuti padutsa mphindi zisanu popanda kanthu, adzuke n'kudzabweranso nthawi ina m'malo motchima mpaka maso kufiira. Pano chimbudzi chathu chokumba chili ndi ubwino umene sitimauyamikira, pakuti kunyonyomala kumawongola njira ya chimbudzi, ndipo palibe amene amafuna kukhalitsa m'menemo. Vuto lakula kwa amene ali ndi chimbudzi chokhalira, amene amalowa ndi foni n'kukhala theka la ola akuwerenga mauthenga a pa WhatsApp, thupi lonse likulemera pa timinofu tija. Amenewa asiye foni kunja, ndipo aike kampando kakang'ono kopondapo kuti maondo akwere kuposa chiuno.

Popukuta ndi pamene ambiri amadzivulaza. Chitsononkho, pepala la m'kope kapena nyuzipepala zimakanda khungu lotupa kale n'kuyambitsanso magazi. Njira yabwino ndi kutsuka ndi madzi oyera, popanda sopo wonunkhira, n'kuumitsa pogunditsa kansalu kofewa osati kupukuta mokhula, kenaka kusamba m'manja ndi sopo. Kukhala m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu pa tsiku makamaka mukangochoka kuchimbudzi, kumamasula mnofu wotseka njira umene umakhala utakungika chifukwa cha ululu. Madziwo akhale ofunda moti chigongono chikupirira, ndipo sakusowa kuthiramo mchere wambiri kapena mankhwala ochapira. Kansalu konyowetsa m'madzi ozizira kamachepetsa kutupa. Ngati mudzi watuluka ndipo ndi wofewa, palibe cholakwika kuubwezera pang'onopang'ono ndi chala choyera chopaka Vaseline, koma ngati ukukana kapena ukuwawa kwambiri, musaukakamize.

Pa mankhwala, paracetamol ndi amene ali woyamba, ndipo munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa maola 24. Ibuprofeno ndi diclofenac amachepetsa kutupa, koma si abwino kwa amene akutaya magazi ambiri, amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso, ndi amayi oyembekezera, ndipo aspirina amawonjezera kutuluka kwa magazi. Mankhwala a ululu okhala ndi codeína kapena tramadol amadzimbitsa kwambiri, moti amathetsa ululu wa lero n'kukulitsa wa mawa. Mafuta opaka ndi mankhwala olowetsa kumatako amathandiza kuziziritsa kuyabwa ndi kuwawa, koma sachotsa mudzi, ndipo amene ali ndi hidrocortisona asagwiritsidwe ntchito kupitirira sabata imodzi popanda uphungu wa achipatala chifukwa amapyapyalitsa khungu. Chakudya chikalephera kufewetsa chimbudzi, kuchipatala angapereke mankhwala monga lactulose, amene ndi abwino kuposa kumamwa mankhwala otsekula m'mimba mwamphamvu mobwerezabwereza.

Ndiyenera kunenapo mosapsatira za kucheka ndi kuwotcha kwa kumudzi. Sindikunyoza asing'anga, pakuti ambiri amapitako chifukwa ali pafupi ndipo amasunga chinsinsi. Koma kucheka mudzi ndi lezala, kuumanga ndi ulusi, kapena kupakapo mankhwala owotcha ndi kuika moyo pachiswe. Malowa ali ndi mitsempha yambiri ya magazi imene siima msanga ikadulidwa, ndipo tsiku lililonse pamadutsa chimbudzi chodzaza tizilombo. Chilonda chowotchedwa chikapola chimatha kuchepetsa njira mpaka munthu azivutika kudzithandiza moyo wake wonse, ndipo mnofu wotseka njira ukadulidwa munthu amayamba kudziipitsira osadziwa. Lezala logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo lingathenso kupatsira HIV ndi matenda a chiwindi.

Tsopano tibwerere ku dengu lija, tione zimene zimabisalamo. Chofala kwambiri ndi kung'ambika kwa khungu la potulukira, kumene kumabwera chimbudzi cholimba chikadutsa. Munthu amamva ngati akuchekedwa ndi lumo pamene akudzithandiza, ndipo kuwawako kumapitirira kwa ola kapena kuposerapo atamaliza, moti amayamba kuopa kupita kuchimbudzi, chimbudzi n'kuumiratu, chilonda n'kung'ambikanso. Chithandizo chake chimayambanso ndi kufewetsa chimbudzi, koma chikakana kupola pamafunika mankhwala ena osiyana ndi a mudzi. China ndi chithupsa cha pafupi ndi potulukira, chimene ululu wake ndi wogunda ngati mtima, wosasiya usana ndi usiku, pamodzi ndi kutupa kotentha ndi kutentha thupi. Chithupsa chotere sichichira ndi mafuta opaka kapena ndi maantibayotiki okha, chimafuna kutumbulidwa kuchipatala kuti mafinya atuluke, ndipo kwa odwala matenda a shuga kapena amene chitetezo chawo chatsika chimatha kufalikira mofulumira moopsa. Nthawi zina chimasiya kabowo kamene kamangotulutsa mafinya kwa miyezi, kamene kamafuna opaleshoni. Palinso njerewere za kumatako zimene zimapatsirana pogonana, ndiponso kutuluka kwa thumbo lenileni, kumene kumaoneka kwa ana aang'ono otsekula m'mimba kapena onyentchera ndi kwa okalamba. Mwana wamng'ono sakhala ndi mudzi kawirikawiri, choncho chilichonse chotuluka kumatako kwa mwana chionedwe ndi wachipatala.

Magazi nawo ali ndi magwero ambiri. Kamwazi amatulutsa magazi osakanikirana ndi chimbudzi chamadzi ndi zonanda, pamodzi ndi kupotokola m'mimba. Anthu amene amasamba, kuchapa kapena kuwedza mu Zambezi, m'nyanja ya Cahora Bassa ndi m'madambo ayenera kukumbukira kuti likodzo silili la mkodzo lokha, pakuti pali mtundu wina umene umakhala m'matumbo n'kumatulutsa magazi m'chimbudzi, ndipo ukakhalitsa umawononga chiwindi. Mtundu umenewu umapezeka poyeza chimbudzi ndipo umachizika ndi praziquantel. Chomaliza, chimene chili chifukwa chachikulu cholembera nkhaniyi, ndi khansa ya m'matumbo akulu ndi ya kumatako. Poyamba imatulutsa magazi mofanana ndi mudzi, ndipo munthu angathe kukhala ndi zonse ziwiri nthawi imodzi, moti kupezeka kwa mudzi sikutsimikizira kuti magazi akuchokera pamenepo. Mudzi weniweni susanduka khansa, koma umatha kuiphimba.

Pali zizindikiro zimene sizidikira kuti kuche kapena kuti msika uthe. Magazi akamatuluka ambiri osasiya, kapena atabwera ndi zibuma, kapena munthu akuchita chizungulire, mtima ukuthamanga ndi thukuta lozizira, apite nthawi yomweyo ku banco de socorros, kumene chipatala chimalandirira odwala mwadzidzidzi. Chimbudzi chakuda bii ngati phula, chomata ndi chonunkha mwachilendo, kwa munthu amene sakumwa sal ferroso, chimasonyeza kuti magazi akuchokera kumtunda, m'chifu kapena pafupi napo, ndipo chimenecho si mudzi. Ululu waukulu pamodzi ndi kutentha thupi, mafinya kapena kulephera kukodza ndi chifukwa china chopitira tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mudzi umene watuluka, wakana kubwerera, watupa, walimba ndipo wayamba kuda, pakuti mnofu wotseka njira wautsamwitsa ndipo magazi sakufikako.

Zina zimalola masiku ochepa koma osati miyezi. Aliyense amene waona magazi kwa nthawi yoyamba ayenera kupimidwa kamodzi, ngakhale atakhala wotsimikiza kuti ndi mudzi, ndipo kufunikaku kumakula munthu akapitirira zaka 40 kapena ngati m'banja mwake wina anadwalapo khansa ya m'matumbo. Apitenso amene wayesa zonse za kunyumba kwa sabata imodzi popanda kusintha. Chofunika kuchiyang'anitsitsa kwambiri ndi kusintha kwa kayendedwe ka m'mimba kumene kwatha masabata angapo, monga kudzimbidwa kosinthana ndi kutsekula, chimbudzi chimene chayamba kutuluka chopyapyala, kapena kumva ngati simunamalize mutamaliza. Zikaphatikizana ndi kuonda kosadziwika chifukwa chake, kutopa, kapena kuyera kwa zikhatho ndi m'zikope, munthu asalole kuti apatsidwe mafuta opaka n'kubwezedwa asanapimidwe, ndipo ali ndi ufulu wopempha mwaulemu kuti amuone.

Kupimako ndi kumene anthu amakuopa, ndiye ndi bwino kunena mmene kumakhalira. Wodwala amagona cham'mbali atapinda maondo, wachipatala amayang'ana kunja, kenaka amavala magolovesi, kupaka mafuta ndi kulowetsa chala kuti amve ngati muli chotupa, ndipo ngati chida chilipo amalowetsa kachubu kakafupi koonera m'kati. Zonsezi zimatenga mphindi zochepa, ndipo ngati ululu ndi waukulu amatha kuchedwetsa kapena kuchititsa dzanzi kaye. Mayi angathe kupempha kuti m'chipindamo mukhale mayi mnzake, ndipo bambo wachikulire amene akuchita manyazi kuvulira mnyamata wa msinkhu wa mwana wake adziwe kuti kwa mnyamatayo imeneyi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Zimathandiza kufika mutakonzeka kunena kuti magazi anayamba liti, ndi ofiira kapena akuda, ali pamwamba kapena osakanikirana, ululu umabwera nthawi yanji, ndi mankhwala onse amene mukumwa kuphatikizapo achikuda. Ulendo umayambira ku centro de saúde yapafupi, ndipo akaona kuti n'zofunika amalemba guia, kalata yotumiza wodwala ku chipatala chachikulu, monga Hospital Rural de Ulónguè kapena Hospital Provincial de Tete. Kuunika matumbo onse ndi chubu chachitali chokhala ndi kamera kumachitika ku zipatala zikuluzikulu zokha, choncho munthu amene wauzidwa kuti akufunika kuunikidwa motero ayambe msanga kukonza za ulendo.

Mudzi wamkati umene wakana kumvera chakudya uli ndi njira zingapo zouchizira, ndipo si zonse zimene zili opaleshoni. Njira yofala m'maiko ambiri ndi kumanga tsinde la mudzi ndi kalabala kakang'ono kothina, njira imene inafalikira kuyambira mu 1963. Kalabalako kamaikidwa kumtunda kwa malire aja kumene kulibe ululu, magazi amaleka kufika, ndipo pakatha pafupifupi sabata mudziwo umafota n'kugwa ndi chimbudzi munthu osazindikira. Wina angafunse kuti kodi izi zikusiyana bwanji ndi ulusi wa kumudzi, ndipo yankho lili pa malire omwewo, pakuti wachipatala amaona pamene akumanga ndi chimene akumanga, pamene ulusi umamangidwa kunja pa khungu lomva, mwina pa chinthu chimene si mudzi n'komwe. Njira ina ndi kubaya mankhwala ofotetsa mudzi. Kwa mudzi waukulu wa gulu lachitatu kapena lachinayi, njira yodalirika ndi kuuchotsa pa opaleshoni, ndipo kachitidwe kamene kakugwiritsidwabe ntchito kwambiri kanafotokozedwa mu 1937 ndi madokotala Milligan ndi Morgan a ku St Mark's Hospital ku London. Ku Mozambique maopaleshoni ambiri a m'zipatala za m'maboma amachitidwa ndi ma técnico de cirurgia, achipatala amene si madokotala koma anaphunzira kuchita opaleshoni, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1984, choncho si nthawi zonse pamene munthu amafunika kukafika ku Beira kapena ku Maputo.

Opaleshoniyi imachiza bwino, koma sitiyenera kunamiza munthu kuti ndi yopepuka. Sabata ziwiri zoyamba zimakhala zowawa, makamaka popita kuchimbudzi koyamba, ndipo chilonda chimatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti chipole, moti mlimi amene angathe kusankha nthawi achite bwino kupewa nyengo yolima ndi yokolola. Madzi ofunda a m'beseni, mankhwala ofewetsa chimbudzi ndi kuyendayenda pang'ono pabwalo ndi zimene zimamuthandiza pa nthawiyi, ndipo akaona magazi ambiri, kutentha thupi kapena kulephera kukodza abwerere kuchipatala osadikira tsiku limene anamulembera. Mlamu wanga uja sanafike pa opaleshoni, koma atamupima anamuuza kuti m'kati muli mudzi wa gulu lachiwiri umene unkatulutsa timagazi tija, ndipo magazi oundanawo angathe kubweranso ngati apitiriza kutchima. Masiku ano akamakwera lole ya mbatatesi amanyamula chigubu cha madzi cha malita asanu, ndipo mkazi wake popita kuchigayo amagawa chimanga pawiri, china chokonola cha alendo ndi china chongogaya ndi madeya ake.